Lipenga Lopachika pa Chingwe

Kufakitale ya zitseko amawatchula kuti a Chimphepo, chifukwa akauzira lipenga mu bandi ya antchito, mapepala a nyimbo a anzawo ankachita kuuluka. Ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo, koma mukawafunsa amati imeneyo ndi yongodyetsera ana, iwo ndi munthu wa lipenga. Akhala pampando woyamba wa oimba lipenga mu bandiyo zaka makumi atatu, ndipo mutu wawo ndi wouma kuposa zitsulo amawotchererazo.

Chaka chatha anagwa panjinga, mano awiri akutsogolo n'kutsala pamsewu. Kuchipatala anawapatsa oikirira. Atabwerera ku bandi, lipenga linangoti fwee ngati tayala lobooka.

Iwo anati vuto ndi lipenga basi. Analitsuka ndi madzi ofunda, anathira mafuta m'mabatani onse atatu, analipaka thovu la sopo kufunafuna pothawira mpweya. Kabowo ngakhale kamodzi sanakapeze.

"Bambo, tisavutane," anatero mkulu wa bandi, munthu amene iwo omwe anamuphunzitsa kagwiridwe ka lipenga. "Ng'oma yaikulu ija ilibe mwini. Imeneyo sifuna mano."

Zinawapweteka mpaka m'mafupa. "Ng'oma? Ine? Undipatse miyezi itatu. Ndikalephera ndidzakhala kunyumba, koma chikopa sindimenya."

Amene anatulukira vuto ndi akazi awo, akuchapa pakhonde. "Abambo, inu mumalikanikiza pamlomo ngati mukukhoma msomali. Mano ogulawo akhazikika bwanji?"

Anakalipa tsiku lonse, chifukwa zinali zoona. Zaka zonsezo mawu okwera ankawatulutsa ndi mphamvu ya mkono, kufinya mlomo pa mano. Tsopano akafinya, oikirirawo ankaterereka.

Ndiye anamanga lipenga ndi chingwe pamtanda wa denga la khonde, lizilendewera. Manja kumbuyo, mlomo wokha. Akangokankha pang'ono, lipenga linkathawa. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankaima pamenepo kusaka liwu limodzi lokha, lalitali.

"Taonani madala akupsompsona lipenga!" ankakuwa aneba kuseri kwa mpanda.

"Lipsompsoneni lanu ngati muli nalo!" ankayankha osacheuka.

Sabata ziwiri munkangotuluka mpweya ndi malovu. Yachitatu kanamveka kaliwu kowonda, konjenjemera. Anakagwira osakataya, tsiku lililonse kuwonjezera pang'ono, mlomo ukatopa n'kupuma.

Miyezi itatu itakwana anabwerera ku bandi, n'kupeza ndodo za ng'oma zitaikidwa kale pampando wawo. Anagoneka lipenga pachikhatho chotambasula, osaligwira ndi chala, n'kuuzira liwu lokwera lija. Linatuluka losalala, lalitali, mpaka anzawo anasiya kutsegula mapepala. Palibe pepala linauluka.

"Koma si lamphamvu ngati kale," anatero mkulu wa bandi, mawu ali pansi.

"Kale ndinkaimba ndi mkono, mwanawe. Kuimba ndayamba chaka chino."

Anatola ndodo zija n'kumupatsira m'manja. "Izi upatse wa mano."

Ndipo anakhala pampando wawo.