Minibasi Inkalira, Koma Sitinkayenda

Inu amene mumatiuza kuti tizikwera minibasi popita kuchipatala, munayamba mwakwerapo ya pa Mitundu mutagwira dzanja munthu wosaona? Ndikungofunsa. Ine dzulo ndakwera, ndipo mpaka pano mtima sukukhazikika.

Amayi anga ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Mwana wanga Tadala anabadwa agogo akewo atasiya kale kuona, ndiye amamudziwa ndi zala basi, kumupapasa mphuno ndi timakutu. Pachipatala chaching'ono cha kwathu anatiuza kuti madokotala a maso akubwera Lachitatu kuchipatala chachikulu, ndipo kulemba mayina kutha teni koloko m'mawa. Ndinafunsa za galimoto ya chipatala. Anamwino anandilozera chipepala pakhoma, chojambulidwa anthu akumwetulira m'basi. Akuti ambulansi ndi ya amayi oyembekezera ndi angozi, enanu kwerani minibasi, ndi yotchipa komanso yachangu.

Yachangu! Ndinati zikomo, ndinene chiyaninso?

Lachitatu achimwene anatiperekeza pa ngolo kusanache. Amayi anavala chitenje chawo chakutchalitchi. Ine Tadala kumsana, dzanja la amayi m'dzanja langa. Sikisi isanakwane tinali pasiteji. Woitanira akukuwa: "Awiri okha! Awiri okha ikunyamuka!" Kusuzumira, zoonadi anthu ali thithithi, injini ikulira. Ndinati Mulungu watiyendera. Tinalowa, kondakitala n'kulandiliratu ndalama.

Kenako ndinaona zachilendo. Kubwera mayi wa dengu la tomato, bambo wina wa jekete amene anakhala kutsogolo kwathu akutsika, kudziwongola, n'kukaima pansi pa mtengo. Kubwera wina, winanso akutsika. Abale anga, anthu aja sanali apaulendo ayi. Anali oitanira anzawo, ongokhalira mipando kuti ife opusa tiziti yadzaza. Apaulendo enieni tinali ife, mayi wa tomato uja ndi wobwera pambuyo pakeyo.

Dalaivala naye ali ndi ntchito yake. Kuiyendetsa pang'ono kutsogolo, kuimba hutala, kuibweza m'mbuyo. Kutsogolo, m'mbuyo. Amayi anandigwira bondo n'kunena kuti, "Koma msewu anaukonza bwino masiku ano, mwananga. Sikugwedeza n'komwe. Tafika pati?"

Ndiwauze kuti tidakali pasiteji pomwe paja, pamaso pa mayi wogulitsa mandasi? Ndinangoti tili m'njira, amayi.

Ndinapempha kondakitala atibwezere ndalama tikayese ina. Akuti ndalama yalowa kale m'thanki, asisi. Ndinamuuza kuti agogowa akukapalidwa maso, tikachedwa basi zatha. Akuti aliyense muno ali ndi kopita, ndipo ngati ndili pachangu ndigule mipando yotsalayo. Ine? Ndigule ndi chiyani, ndi mwana ali kumsanayu?

Tinanyamuka eyiti itakwana. Paliponse pamene munthu waima m'mbali mwa msewu, ngakhale akungodikira mbuzi zake ziwoloke, ife taima. Titafika pamsewu waukulu tinakwera ina. Ndinafunsa kawiri konse ngati ikukafika kuchipatala. Kondakitala wake analumbira kuti mpaka pageti, mayi, musadandaule.

Pa Nathenje anthu ambiri anatsika. Ndinangomva, "Agogo, tsikani, mukwere iyo." Akuti iwo akubwerera kutauni, sangawotche mafuta chifukwa cha anthu ochepa. Anatigulitsa kwa anzawo ngati nkhuku. Munayesapo kutsitsa munthu wosaona m'minibasi, kondakitala akumenya chitseko kuti fulumirani? Amayi anaphonya popondera, n'kukhuzuka bondo. Palibe anati pepani.

Ina ija kusuzumira, yadzaza bwinobwino. Woitanira: "Awiri okha!" Ndinaseka, misozi ili m'maso. Ndinafunsa mnyamata amene anakhala pafupi ndi chitseko kuti akupita kuti. Anangoyang'ana kumbali.

Wa njinga yamoto anabwera, akuti atitenga tonse atatu. Amayi atamva kulira kwake anakana, akuti bola afe ndi khungu lawo kusiyana n'kukagwa ndi mdzukulu pa tala. Ndikanawakakamiza bwanji? Tinakhala. Injini ikulira, kutsogolo, m'mbuyo. Ulendo uno amayi sanafunsenso kuti tafika pati. Anali atazindikira.

Pageti la chipatala tinafika leveni itadutsa. Pawindo lolembera mayina panali bambo wina waulemu wake, sanatikalipire ayi. Anati pepani mayi, mayina tatseka, amene alembedwa ndi okwanira madokotala mpaka madzulo. Ndinagwada. Inde, ndinagwada pasimenti anthu akuona. Anati sizili m'manja mwawo. Ndinafunsa kuti madokotalawo adzabweranso liti. Akuti sakudziwa, mwina mvula ikatha, tizimvetsera kuchipatala cha kwathu. Kenako anawonjeza mokoma mtima kuti ulendo winawo tidzayesetse kukwera minibasi ya m'mawa.

Ya m'mawa! Nanga ine ndinakwera ya liti?

Tsono ndiuzeni, ndikadandaule kwa ndani? Anamwino anena kuti iwo anandiuza tsiku ndi nthawi. Bambo wa pawindo anena kuti ndinachedwa, ndipo sakunama. Kondakitala sindikumudziwa ndi dzina lomwe. Inu amene munamata chipepala chija, sindikukana, ambulansi singanyamule tonse. Koma munapitako pasiteji kukaona chimene mukutitumizako? Simungagwirizane ndi minibasi imodzi yokha kuti tsiku la madokotala izinyamuka nthawi yake, kaya yadzaza kaya ayi? Ndafunsa zambiri kodi?

Anzanga a ku Mitundu ndi ku Nathenje, mukamaperekeza wodwala musakhulupirire mitu ya anthu pawindo. Yang'anani ngati ali ndi katundu pamiyendo. Ndipo musapereke ndalama matayala asanaponde msewu. Ndi zokhazo zimene ndingakuthandizeni, poti ine ndemwe sindinadzithandize.

Tisanabwerere tinakhala pabenchi panja. Anthu ankatuluka atamatidwa diso limodzi, owaperekeza akuseka. Amayi ankangomva. Sanandidzudzule ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo ndi zimene zikundipweteka. Anangoti ndimasule mwana ndiwapatse. Anamukhazika pachitenje chakutchalitchi chija, n'kuyamba kumupapasa pamphumi, mphuno, kachibwano.

Ndiye anamuuza kuti, "Iwe Tadala, usakule msanga. Undidikire."