Fodya wa Bambo Sanadikire Kamera

Tinanyamuka mu depoti ya Lilongwe 6 koloko m'mawa, Lachiwiri lina la mwezi wa Meyi, ine ndikuyenda modzikweza ngati mwini minibasi. Ndinali nditangogwira miyezi inayi pa kakampani kopanga mafilimu a pa TV, ntchito yanga yopeza malo ojambulira. Mu Febuluwale ndinatengera gulu lathu kumunda wa fodya wa bambo anga, kupitirira Nkhamenya, komwe tinajambula gawo lomaliza la filimu: mlimi akukaniza mwana wake wamkazi kupita ku tauni. Theka la zithunzizo linadzawonongeka m'kompyuta. Mayi Gondwe, dailekita wathu, atandifunsa ngati tingabwerere pamalo omwewo, ndinadziguguda pachifuwa.

"Munda ndi wa bambo anga, mayi. Suthawa."

"Chabwino. Koma zikalephereka, Tiyamike, kalata yako yokhazikika pantchito sindisaina."

Tinalipo asanu: mayi Gondwe, Yamikani wa kamera, a Mbewe osewera mlimi, Chisomo wosewera mwana wawo, ndi ine. Mpaka ku Kasungu inali K13,000 munthu mmodzi. Kondakitala ataona choimikira kamera anati nachonso chilipire mpando, poti chili ndi miyendo itatu pomwe ife tili ndi iwiriiwiri. Tinamvana pa theka. Mayi wina wobereka mwana anayang'anitsitsa maikolofoni yathu yaubweya yomwe ndinaifungata, nasendera kuwindo.

"Chimaluma chimenecho?"

"Chikadya m'mawa sichiluma, mayi," anatero Yamikani nkhope ili gwa.

Pa Mponela tinaima pa chiwaya. Wokazinga tchipisi anawazindikira a Mbewe, nakuwa kuti, "Si a pa TV awa!" Anawaonjezera nthutumba ziwiri zaulere, ife a kuseri kwa kamera n'kutipimira ngati mankhwala.

Zinthu zinayamba kusokonekera pa Madisi. Panakwera bambo wachikulire ndi mtolo wa ziguduli zodindira mabelo, nakhala pambali panga. Atandifunsa za ulendo, ndinawafotokozera monyadira kuti tikukajambula m'munda wa fodya wobiriwira wofika m'mapewa. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Fodya wobiriwira? Mwezi uno? Mwana wanga, kwanu n'kuti?"

"Ku Nkhamenya."

"Aaa! Ndiye kumeneko mwayamba kuthyola kawiri pachaka?"

Ndinasuzumira pawindo. Malole odzaza mabelo ankatidutsa kulowera ku okushoni, limodzi pambuyo pa linzake. Minda inali mizere yokhayokha. Ine, wobadwira m'fodya, amene sukulu yanga yonse inalipiridwa ndi fodya, ndinali nditaiwala kuti pofika Meyi masamba amakhala atathyoledwa ndipo mapesi atazulidwa. Zaka zisanu za m'tauni, komwe mwezi timaudziwira pa tsiku lolipira lendi, zinali zitandipusitsa. Mayi Gondwe anali mtulo kutsogolo, mutu uli pendekete. Mantha anandigwira, koma chomwe chinatuluka ndi phwete. Ndinaseka mpaka misozi, Chisomo n'kumandifunsa ngati ndamwa kanthu pa Mponela.

Kuchokera pa mlatho wa Bua ndinkasakasaka chilichonse chobiriwira. Ndinaona kamunda kena m'dambo, mtima n'kudumpha. Unali mpiru.

Tinafika pa Kasungu cha m'ma 10 koloko, n'kulowa minibasi ina ya K6,000 yomwe inatenga ola lathunthu kuti idzaze. Ndinaimbira bambo katatu, foni yosapezeka. Ndinadziwa kuti ili kotchajitsa pa golosale. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule kwa mayi Gondwe, ndipo kawiri konseko ndinangowagulira nthochi. Anadabwa ndi ulemu wanga.

Pa Nkhamenya tinatsika masana, n'kukwera njinga zamoto za kabaza zisanu, K3,000 iliyonse. "Korani makora, adumbu!" anakuwa wondiyendetsa m'Chitumbuka, kundiuza kuti ndigwiritsitse, ndipo tinauluka pamsewu wafumbi motsogozana, a Mbewe akuimba nyimbo ya kwaya kumbuyo kwanga. Pofika tonse tinali ofiira mpaka nsidze.

Munda unalipodi, sunathawe. Munali mbuzi zinayi.

"Tiyamike," anatero mayi Gondwe motsitsa mawu, "fodya ali kuti?"

Ndinaloza ku chigafa, shedi yaudzu yoyanikamo fodya. Bambo anatulukamo akudzikuntha fumbi, napereka moni kwa aliyense payekhapayekha, osafulumira, ine ndikufera mkati. Mayi Gondwe atawafotokozera vuto, bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu.

"Pepani mayi, mwanayu tinamulera bwinobwino, zinazi wazitengera ku tauni komweko. Koma ndinkafuna kukuuzani ulendo uja, munali otanganidwa. Mlimi wanuyo akukangana bwanji ndi mwana wake m'munda mu Febuluwale? Imeneyo ndi nthawi yothyola, palibe amene ali ndi mpata wa mikangano. Mwana wofuna kuchoka amadikira nthawi yosankha fodya, bambo ake atakhala pansi m'chigafa, poti sangadzuke n'kumusiya. Mufunseni uyu."

Zinali zoona. Ine za kuchoka kwanga ndinawauzira m'chigafa momwemo.

Mayi Gondwe anawerama n'kulowa. Dzuwa linkadontha m'mipata ya udzu, kugwera pa masamba ofiirira olendewera mpaka kumutu. Yamikani anaimba likhweru. Patapita kanthawi tinamva mawu kuchokera mkati: "Tijambula gawo lonse mwatsopano. Muno. Fulumirani dzuwa lisanapendeke!" Ndinavina pang'ono kuseri kwa nkhokwe.

Chisangalalo sichinakhalitse. A Mbewe, katswiri wolira ndi diso limodzi akafuna, sankatha kumanga ndindi, kamtolo ka masamba kamene mwana aliyense kwathu amamanga akucheza. Masamba ankangofumbutuka m'manja mwawo. Bambo anapirira katatu, kachinayi analephera.

"Achimwene, ameneyo ndi giredi yabwino! Ngati n'kuononga, ndikupatseni wa makatoni, wotsika mtengo uja."

Mayi Gondwe anaganiza msanga. Nkhope ikhala ya a Mbewe, koma pojambula manja pafupi, akhala a bambo atavala malaya a a Mbewe. Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndi bambo ako. Uwawongolere ndiwe."

Ine kulamula bambo anga! Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Bambo, pang'onopang'ono. Bwerezaninso." Anabwereza osadandaula, kupatula kufunsa ngati manja amalipidwa mofanana ndi nkhope. Chisomo anagwada patsogolo pawo, ndipo ulendo uliwonse ankanena mawu ake: "Bambo, ine ndikupita." Kachisanu ndi chimodzi anawanena motsitsa kwambiri, maso ali pansi. Manja a bambo anaima pakati pa ndindi. Palibe anawauza kutero. Chala chachikulu chinasisita tsamba pang'ono, kenako anakulunga n'kumangitsa mwamphamvu. 

"Imeneyo," ananong'ona mayi Gondwe. "Dula."

Tinabwerera pa Nkhamenya dzuwa likadalipo, aliyense ndi kathumba ka mtedza. Tikudikira minibasi, mayi Gondwe anandiuza kuti Lolemba ndikalowe mu ofesi mwawo ndi cholembera, komanso kuti kuyambira pano ndisanalonjeze munda wa munthu ndiziyamba ndamufunsa mwiniwake. Ndinakuwa mpaka ogulitsa nzimbe anatembenuka.

M'minibasi ndinapempha Yamikani kuti andionetsenso kachidutswa kaja, ndipo ndinakaonera katatu tisanafike pa Kasungu. Kuseka kunandithera. Tsiku limene ndinawauza bambo kuti ndikupita, anangoti, "Chabwino, pita," ndipo zaka zonsezi ndinkaganiza kuti sizinawakhudze. Nanenso maso anga anali pansi tsiku limenelo. Manja awo sindinawaone.