Kamuvi Kanayenda Kokha Amuna Anga Atamwalira

Ena munena kuti chisoni chinandisokoneza mutu, koma izi ndinaziona ndi maso angawa, dzuwa likuswa mtengo, m'kashopu kanga kotaipira makalata pa Boma ku Ntcheu.

Amuna anga ankagwira ntchito ku Joni, ndiye poti ine za kompyuta ndinkangodziwa kutaipa basi, anandiikira pulogalamu yoti kompyutayo ikavuta azilowamo ndi laputopu yawo ali komweko n'kuikonza. Ndinkangopinda manja n'kumaonerera kamuvi ka pagalasi kakuyenda kokha, ndikudziwa kuti ndi bambo a mwana wanga. Kenako anamwalira mwadzidzidzi. Anzawo anabweretsa thupi ndi chikwama cha zovala, maliro tinakaika kwawo ku Kandeu.

Nditabwerera kushopu, zakuda ndisanavule n'komwe, tsiku lina kamuvi kaja kanayamba kuyenda ine ndisanagwire kanthu. Kanapita mwachifatse pamene ndimasunga zithunzi, n'kutsegula za mwana wathu wamkazi, kenako kanyali ka kamera kanayaka. Mukanakhala inu mukanatani? Ine ndinagwada pansi misozi ili chuchuchu, n'kumawauza malemuwo kuti asadandaule, mwana ali bwino, wapita kusukulu, aweruka posachedwa. Pamenepo pagalasi panalembeka mawu a Chichewa chathu chomwechi, ofunsa kuti sukulu yake iti.

Apo ndinakuwa, chifukwa sukuluyo anaisankha ndi amuna anga omwewo, sakanafunsa.

Nditakuwa, bambo ena achisilamu ogulitsa mafoni pakhomo loyandikana anathamangira, anazula kachipangizo ka intaneti, kamuvi kanaima pomwepo. Anandiuza kuti mzimu sudikira netiweki, n'kundifunsa kuti laputopu ya malemu ili kuti. Ndinakumbukira kuti m'chikwama muja munalibe. Ndinawasiya akuchotsa pulogalamuyo, ine ndinakwera kabaza kukatenga mwana m'kalasi, ndipo sabata yomweyo ndinakamusiya kwa achemwali anga ku Kasinje.

Munthuyo sanadziwike mpaka lero, koma mtima wanga umati ndi mmodzi mwa aja anaperekeza thupi, amene anandigwira dzanja pamaliro n'kundipepesa. Nanga winanso akanaitenga ndani laputopuyo? Ndiye abale, ngati pali amene munamulola kumalowa m'kompyuta mwanu ali kutali, akamwalira kapena mukasiyana, chotsani pulogalamuyo n'kusintha pasiwedi musanayambe n'kulira komwe, chifukwa mwiniwake amapita kumanda, koma makiyi amatsala m'manja mwa amoyo.