Mpando wa pa Maliro a Esinati

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anasiya kukhala pansi pa maliro. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala kufupi ndi Magaleta. Masiku amenewo munthu akandifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndinkangoti, "Wa aja a ndakatulo," nkhani n'kuthera pomwepo.

Bambo sanapite patali ndi sukulu. Ali mnyamata ankagwira ntchito m'sitolo ya mmwenye ku Limbe, ndipo n'kumeneko anamva za mlakatuli wina wa ku India amene ankalemba m'Chihindi, n'kulowa ndale mpaka kukakhala m'nyumba ya malamulo, koma osasiya kulakatula. Dzina la munthuyo analiiwala kalekale, koma nkhani yake ankaibwereza mpaka mayi kutopa nayo. "Iyeyo anatha bwanji? Anali ndi mitu iwiri?" ankatero bambo. Choncho anthu atawapempha kuti aime pa ukhansala, sanavute n'komwe.

Chimene chinawapatsa mavoti si chipani ayi, koma ndakatulo ya msewu wathu. Wa ku Neno aliyense amaudziwa msewu umenewo m'dzinja: matope ofika m'mawondo, galimoto zitagona cham'mbali ngati ng'ombe zodwala, kachewere akuwolera m'matumba posowa womutengera kumsika. Bambo ankailakatula pa maliro, atadzuka pakati pa amuna anzawo okhala pa udzu, ndipo ngakhale anafe tinkadziwa poyambira pake: "Msewu iwe, wadya angati, sunakhutebe?"

Dzinja lotsatira chisankho, Esinati, mwana wa mayi Nasoko oyandikana nafe, anali woyembekezera, ndipo nthawi yake yochira inakwana koma zinthu zinavuta. Kuchipatala chaching'ono anati apite naye ku boma. Galimoto inatitimira m'njira, amuna n'kumunyamula pa machira mvula ili pamsana, ndipo anamwalirira pa mapewa awo asanafike. Esinati ndi amene ankandiluka tsitsi Loweruka lililonse.

Pa maliro kwathu mipando imakhala yochepa, yobwereka kutchalitchi, ndipo imadziwika eni ake: amfumu, abusa, ndi a ndale. Tsiku limenelo bambo anawalozera mpando koyamba, pakati pa akuluakulu awiri a chipani amene anabwera ndi bokosi kuchokera ku boma. Ine ndinali pakhonde ndi amayi, fungo la utsi wa nkhuni zonyowa lili m'maso ndi m'zovala. Ndisabise, ndinanyada kuwaona pamenepo atavala jekete.

A banja analankhula, amfumu analankhula. Kenaka woyendetsa mwambo anati, "Tsopano timve mawu a akhansala." Tonse tinkadziwa chimene tinkadikira, pakuti msewu unali utadyanso wina.

Bambo anaimirira, n'kutsokomola. Anayang'ana bokosi, anayang'ana anzawo a pampando aja, mmodzi mwa iwo akuyang'ana wotchi. Ndiye anati, "Boma lamva chisoni chathu. Nkhani ya msewu ili m'mapulani, tiyeni tidekhe." Anathokoza chipani chifukwa cha bokosi, n'kukhala.

Kwathu mayi wolira mwana sadulidwa pakamwa. Chimene sanganene ataima, amachinena m'kulira, ndipo ngakhale mfumu imangowerama. Mayi Nasoko anayamba chapansipansi, dzanja lili pa bokosi.

"Esinati mwana wanga ine, ndinaitana aja a ndakatulo kuti adzakufunsire kwa msewu, eti sanabwere. Atuma akhansala. Mayo ine, kaya adwala, kaya nawonso msewu wawadya."

Palibe anawaletsa. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa bambo ngakhale kunkazizira, ndipo kunyada kwanga kuja kunasanduka manyazi oti ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ukhansalawo anaumaliza. Anayenda misonkhano mpaka nsapato kutha, kubwerako ndi malonjezo okhaokha, msewu uli chomwecho. Koma ndakatulo sanalakatulenso, ngakhale mpando utapita kwa wina, ndipo panalibenso anawapempha. Ine ndinawasungira mkwiyo zaka zambiri.

Atakalamba, tsiku lina tikusenda nandolo, ndinawafunsa monyogodola za mlakatuli wawo wa ku India uja.

"Mwina kwawoko mipando ndi yotakata, mwana wanga, imakwana anthu awiri," anatero. "Wa kuno unakwana mmodzi. Ndipo womusiya panja ndinasankha ndekha."

Lero mkwiyo uja unatha, kwatsala kutopa. Ndazindikira kuti bambo palibe anawaopseza kapena kuwatseka pakamwa. Anangowakhazika pafupi ndi anthu amene akanachita nawo manyazi, basi, ndipo zinakwanira. Ine tsopano ndine mphunzitsi wamkulu, ndipo pa maliro anyamata amandithamangira ndi mpando. Ndimawauza kuti msana umandivuta, n'kuyala chitenje pansi pakati pa amayi anzanga. Pansipo ndi pamene munthu angathe kufunsa msewu kuti wadya angati, pakuti mpaka lero sunakhute.