Mizele Khumi ndi Inayi pa Laputopu ya ba Madamu

Nchito ndinali kugwila ku Woodlands, kukolopa, kuchapa, kusita, m'nyumba ya ba madamu amene nchito yawo inali ya makompyuta. Sanali kupita ku ofesi. Tsiku lonse anali pa tebulo, mahedifoni m'makutu, kulankhula Chizungu ndi anthu amene sindinawaonepo. Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zitatu, ndinali kumusiya kwa aneba ku Kabwata kumene tinali kukhala ndi atate ake m'kachipinda ka kuseli kwa nyumba ya eni.

Sande ina masana atate ake a mwana anabwela atamwa. Anapeza nambala yachilendo mu foni yanga, inali ya mayi wogulitsa zovala zakale za salaula, koma iwo sanafune kumva. Anakankha mbaula ndi phazi, makala anauluka, ena anagwela pa dzanja la mwana amene anali kusewela pa mphasa. Ku kiliniki ndinanama. Ndinati mwana anagwela yekha pa mbaula ine ndili kuchapa panja. Nesi analemba zimenezo, atate ake ataimilila pa khomo kumbuyo kwanga, ine ndili kumva mpweya wawo.

Mawa lake ndili pa nchito atate ake a mwana ananditumizila uthenga wa mawu pa foni. Anati: "Mbaula nakankha ndine, inde, koma ndiwe unanikalipitsa. Ukauzako munthu, olo ba mayo amene ananibala, uzaona." Ndinaumvela m'khichini, ndinaubwelezanso, ndinayamba kulila, chifukwa ndinadziwa kuti madzulo adzati bweletsa foni, monga masiku onse, ndipo akadzaupeza adzaufuta ndi kundimenya chifukwa choti ndausunga.

Ba madamu anandipeza choncho atabwela kudzatenga madzi mu filiji.

"Iwe, walila chani? Waphwanya chani?"

Ndinawapatsa foni. Anamvela mpaka kumapeto, anaika botolo pansi osamwa.

"Ichi chinthu usataye," anatelo. "Tsiku lina chizakuombola. Bwela."

Anatulutsa laputopu yakale mu kabati, ndi kafulashi kang'ono ngati chikhadabo. Anandiuza kuti pali pulogalamu ya ulele imene anthu a maiko ambili anaipanga mothandizana, aliyense wodziwa angathe kuona mmene imagwilila nchito mkati mwake, palibe chobisika. Imatenga zithunzi ndi mawu a mu foni, imaziika pa kafulashi ndi kuzikiya, kuti ngakhale munthu atola kafulashiko sangaone kanthu popanda pasiwedi.

"Yeniyeni ni yolembalemba pa sikilini yakuda," anatelo ba madamu. "Iyi anaivalika mabatani kuti na iwe ukwanitse."

Na iwe. Ndinamva, koma ndinati zikomo.

Pasiwedi anati ndisankhe ndekha, yaitali, ndipo polemba iwo anayang'ana kumbali. "Olo ine siniidziwa. Ukaiwala, yaziika." Kuyambila pomwepo mantha anga onse anapita pa pasiwediyo. Ndinali kuinena mumtima m'basi, posita, posambitsa mwana. Mpaka lelo sindinaiwale ngakhale chilembo chimodzi.

Anandionetsa zochita. Kulumikiza foni ndi chingwe cha chaja, kudina batani lalikulu la buluu, kudikila mpaka patuluke kachongi konga kamene aphunzitsi anali kutiikila tikakhoza samu, koma kobiliwila. Pamwamba panali timawu tina ta Chizungu. "Uku kwina usakhudzeko, uzasokoneza." Iwo anatsegula kumodzi, munali kabokosi, analembamo 14. Ndinaona, maso anga saphonya kanthu, koma foni yawo ya nchito inalila nthawi yomweyo, anavala mahedifoni, ndipo wanchito safunsa funso madamu ali pa foni.

Kachongi katatuluka, uthenga uja ndinaufuta mu foni ndi chala changa. Madzulo atate ake a mwana anafufuza foni, sanapeze kanthu, anati ndayamba kukhala na nzelu.

M'mawa mwake mtima unayamba kukayika. Nanga ngati sizinalowe bwino? Nanga ngati magetsi atapita zinafufutika? Ndinalumikiza foni, ndinadina, kachongi kanatuluka, mtima unakhala pansi. Koma unali kukhala pansi maola ochepa chabe. Ndiye ndinayamba kudina ndikangofika, ndisanagwile tsache. Ndikatsuka mbale za masana, kudina. Ndisanavule yunifomu kuti ndizipita, kudinanso. Ine ndinali kuganiza kuti ndili ngati munthu amene abwelela kukagwedeza loko kuti aone ngati wakiyadi chitseko. Miyezi inayi ndinachita zimenezi, katatu pa tsiku, masiku ena kanayi atate ake a mwana akandiopseza m'mawa.

Ba madamu anali kundiona. Anali kuseka podutsa ndi kapu ya tiyi.

"Iwe wakonda kompyuta manje. Uzanilanda nchito!"

"Awe ba madamu, niona chabe ngati zilimo."

"Zilimo, zizayenda kuti?"

Pa mwezi wachinayi ndinathawa. Ndinabeleka mwana, chikwama chimodzi m'manja, mpaka kwa akulu anga ku Chelstone. Sipanapite masabata awili, samani inabwela. Atate ake a mwana anakandisumila ku khoti kuti awapatse mwana, ati ndine wosasamala, ndimasiya mwana kwa aneba, ndinamuocha ndi mbaula, ndipo ku kiliniki zinalembedwa. Anati mwanayo akakhale kwa amayi awo, apongozi anga, amene anachoka ku Luapula nakhala ku Kaunda Square.

Akulu anga analila atamva. Ine sindinalile. Koyamba m'zaka zonsezo ndinalibe mantha. "Ba sisi, musavutike, nili na mawu ake. Azamvela yekha pakamwa pake mu khoti."

Kutatsala masiku awili ndinapempha ba madamu kuti atulutse uthengawo. Ndinalemba pasiwedi kamodzi chabe, inatsegula, ndinanyada. Iwo anadina kuja anandiletsa kukhudza, panatuluka mizele. Ndinaiwelenga ndi chala, inali khumi ndi inayi. Pa mzele uliwonse panali tsiku ndi nthawi. Wakale kwambili unali wa Lachinayi sabata yathayo.

Ba madamu anatsegula mzele woyamba, munali zithunzi za mwana atavala dilesi la ku chalichi, ndi uthenga wa akulu anga wonena za kabichi. Wachiwili chimodzimodzi. Anatsegula yonse, ine nditaimilila kumbuyo kwawo ndi nsalu yopukutila m'manja.

"Unali kudina kangati pa tsiku?"

"Katatu."

"Na mu foni unafuta?"

"Tsiku lomwe lija. Ninakuuzani kuti amaona foni."

Anagwila pakamwa. Ndiye anandifotokozela pang'onopang'ono, m'Chinyanja, mmene akanandifotokozela tsiku loyamba lija. Ukadina batani, pulogalamu imajambula zonse zimene zili mu foni nthawi imeneyo, ndi kupanga mzele watsopano. Kabokosi ka 14 kaja kanali kuiuza kuti izisunga mizele khumi ndi inayi yatsopano chabe, yakale izitaya. Mawu a atate ake a mwana anali mu mzele woyamba wokha, chifukwa pambuyo pake mu foni munalibe. Pa kudina kwanga kwa khumi ndi chisanu, sabata yoyamba isanathe, mzele umenewo unatayidwa, ndipo kachongi kanatuluka kobiliwila monga masiku onse.

"Ndiye mwamene timachitila ku nchito," anatelo. "Kuja zinthu sizichoka pa kompyuta, titaya makope akale chabe. Sininaganize."

Sininaganize. Miyezi inayi ndinali kugwedeza loko wa nyumba yopanda kanthu, iwo ali kudutsa ndi tiyi.

Sindinganame, anayesa. Anasiya misonkhano yawo masana onse, anatsegula sikilini yakuda ija, analembela ngakhale anthu amene anapanga pulogalamuyo. Wina wa kutali anayankha lisanathe ola, mwaulemu, anati pepani kwambili, koma chimene chatayidwa chatayidwa, ndipo poti zonse zinali zokiya bwino, palibe amene angatole ngakhale zotsalila zake. Ba madamu anandiwelengela yankholo. Ndinafunsa ngati munthuyo ali ndi mwana. Anati sadziwa.

Ku khoti ba madamu anabwela, anavala suti, anati uthengawo anaumva ndi makutu awo. Atate ake a mwana anaseka.

"Awa ni abwana ake, azakamba chilichonse. Ngati mawu alipo, tiyeni timvele tonse."

Ba madamu anayamba kufotokoza za mizele ndi kabokosi, theka Chizungu, ndinaona nkhope za oweluza zili kutopa. Mmodzi, bambo wachikulile wa magalasi, anawadula natembenukila kwa ine.

"Mayi, uthengawo mu foni anafuta ndani?"

"Ndine."

"Nanga batani limene akunena awa anali kudina ndani?"

"Ndine."

"Ku kiliniki anakukakamizani ndani kunena kuti mwana anagwela yekha?"

Ndinayang'ana atate ake a mwana, anali kundiyang'ana monga anandiyang'anila pa khomo la kiliniki, ndipo ndinagwetsa maso pansi. Apongozi anausa moyo mokweza kuti onse amve, anati mu Chibemba mwana wa mwana wawo wavutika mokwana.

Oweluza anagamula kuti mwana akhale kwa ambuye ake ku Kaunda Square mpaka nkhani idzaonedwenso, poti ine ndimachoka m'mawa kubwela madzulo ndipo kwa akulu anga tigona asanu m'chipinda chimodzi. Ine ndizikamuona Sande, kuchokela potuluka chalichi mpaka ma sikisitini, folo koloko madzulo.

Nchito sindinasiye, ndikasiya ndidzamupelekela chani Sande. Patapita miyezi iwili ba madamu anandiitana ndili kusita, nkhope yowala. Anati anthu aja anakonza pulogalamu, manje ikafuna kutaya mzele umene uli ndi zinthu zimene kulibe kwina, imayamba yafunsa, pamatuluka chenjezo lofiila.

"Waona? Nkhani yako yathandiza anthu ambili."

Ndinati zikomo ba madamu, ndinabwelela ku malaya awo.

Sande ndimakwela mabasi awili. Apongozi amandilandila pa geti ndi moni wa Chibemba, "Muli shani," maso ali pa pulasitiki imene ndanyamula, ndipo amakhala pa mpando pafupi nthawi yonse kuti amve zimene ndikamba ndi mwana wanga. Mwanayo Chinyanja chayamba kumuthawa, amandiyankha mu Chibemba. Sande yatha ndinali kumudzoza mafuta pa chipsela, anachotsa dzanja, anandiyang'ana, anati ba mbuya ati ndimwe munaniocha.

Ndinati si ine, mwana wanga. Anafunsa kuti nanga ndani. Apongozi anakweza mutu pa mpando, atate ake anali m'nyumba wailesi ili kulila, ndipo inali itatsala pang'ono kukwana sikisitini. Ndinamuvalika sweta, ndinamuuza kuti ndidzabwela ndi mabanzi.