Ndindi ya pa galasi la Levison

Mlamu wanga Levison anabadwa ndi manja okana khasu. Ndikunena ine, amene ndamudziwa chikwatiwire kwa achimwene ake, a Simeon, chaka chomwe tinavotera koyamba zipani zambiri. Bambo awo atamugawira munda, iye anaubwereketsa n'kukatsegula kashopu pa Nsaru: kumeta, kutchaja mafoni pa sola, kuthira nyimbo m'mamemore. Ukwati unamukanika kawiri. Makasitomala akasowa unkamupeza atawerama pa foni, kukamwa kuli yasa, munthu woti ndevu zayamba kale imvi. Ndinkamutcha mlesi pamaso pake, iye n'kumangoseka: "Alamu, nanunso."

Chinkamudyera nthawi ndi gemu ina yake. M'menemo umakhala munthu wa m'dziko longopeka, la zinjoka zouluka. Zilombo umamenyana nazo ndithu, koma ntchito yeniyeni n'kuthyola masamba, kutola miyala, n'kuziphika mumphika mpaka patuluke mankhwala kapena chitsulo chosulira lupanga. Ukasakaniza masamba abwino ndi oipa, mphika umaphulika. A Simeon, pokhala mkulu wa mpingo, anagamula kuti zimenezo n'zausing'anga, asadzazionenso pakhomo pathu.

Zaka ziwiri zapitazo a Simeon anagwa ndi sitiroko m'chigafa choumitsira fodya. Kuchipatala ku Namitete anawapulumutsa, koma dzanja lamanja linabwera lopinda, zala zitafumbata. Anamwino anati azizigwiritsa ntchito tsiku lililonse, apo ayi ziumiratu. Iwo anakana. Nyemba zoti azitola anazikankha ndi phazi. Munthu amene mudzi wonse unkamuitana kudzasankha fodya ndi kumanga ndindi, timitolo ta masamba ake, amene mabelo ake sanabwezedwepo ku okushoni, anangoti, "Amayi, dzanja ili lapita. Ndisiyeni." Ndinkakalirira kuseri kwa nkhokwe.

Loweruka lina masana Levison anafika pa njinga, n'kukhala pakhonde moyandikana nawo, n'kutulutsa foni ngati lamulo lija sanalimve. Ndinatsala pang'ono kumuthamangitsa ndi chipande. Anayamba kuthira masamba mumphika mwachisawawa, ong'ambika, amadontho, onse pamodzi. Phuu! Kachiwiri, phuu! A Simeon ankayang'ana cham'mbali, mpaka zinawapweteka.

"Iwe, tsamba ilo n'lowola. Sukuona kodi?"

"Liti, achimwene? Onse si masamba?"

"Ukuika la pansi pamodzi ndi la kunsonga? Unakulira kuti?"

"Nanga ndingadziwe bwanji, ine mlesi? Tagwirani."

Foni anawaika m'dzanja lamanzere, choncho losankhira linatsala limodzi lokha. Chala cha mkombaphala chinatambasuka movutikira, iwo thukuta lili kamukamu, koma tsamba linakokedwa mpaka kulowa mumphika. Kenako lina. Mphika sunaphulike, munatuluka kabotolo kofiira.

"Waona eti?" anatero a Simeon. "Masamba sasakaniza."

Pambuyo pake ndinamva kwa Ackson, wowotcherera zitsulo pafupi ndi shopu ija, kuti gemuyo Levison anali ataimaliza katatu konse. Kuyambira tsikulo ankatseka shopu masana aliwonse, ngakhale tsiku la msika, kudzaphulitsa miphika dala kuti achimwene ake amukalipire n'kumulanda foni. Anachita zimenezi miyezi isanu. Lamulungu lokha a Simeon ankakana, ndipo mpaka lero amati iwo gemu sanasewerepo, ankangophunzitsa munthu wosamva.

Fodya atauma ndinawapeza m'chigafa atakhala pa chiguduli, masamba ali pamiyendo. Ndinaima chapatali n'kumaonerera. Anasankha, anasonkhanitsa, n'kukulunga tsamba kumutu kwake kuti amange ndindi. Inamasuka. Anayambanso. Yachitatu inagwira, yokhota, ndindi yoti kale akanamubwezera waganyu kuti amangenso.

Ndinapha tambala n'kutumiza uthenga ku Nsaru. Levison atafika ndinamugwadira, zomwe sindinachitepo m'zaka zonsezo, n'kunena kuti zikomo alamu, ndinkakulakwirani. Ndinayankhula ndikulira, ndipo sindikubisa. Iye anachita manyazi, n'kuyamba kufunsa ngati ndiwo zapsa.

A Simeon anatuluka ndi ndindi ija n'kumupatsa ndi dzanja lamanja. "Iyi siipita ku okushoni. Ukapachike kwako."

Ili pamwamba pa galasi lometera mpaka pano, yafumbi. Makasitomala akafunsa kuti ndani anamanga ndindi yoipa chonchi, Levison amayankha kuti, "Achimwene anga," ndipo apo pokha saseka.