Mpando wa Amadamu

Nditafika ku Chifunga kudzayamba ntchito ya uphunzitsi, anthu olankhula nawo anali ana asukulu basi. Belu loweruka likangolira, pakamwa panga pankatsekeka mpaka mawa lake. Kwathu ndi ku Ntchisi, ndipo kuno ndinalibe mbale ndi mmodzi yemwe. Mayi anga ndinkawaimbira foni nditakwera pachulu kuseri kwa sukulu, poti netiweki inkapezeka pomwepo. Ankandifunsa funso limodzimodzi: “Kodi wapeza anthu kumeneko?” Ine ndinkangoti ndiwapeza.

Choncho atalengeza kutchalitchi kuti aliyense azipita kumlaga wa dera lake, mtima unakhala pansi. Mlaga wathu unali wa mabanja ochepa oyandikana, ndipo tinkakumana Lachitatu masana, sabata ino kwa awa, ya mawa kwa enawo. Ndinati apa ndiye ndapeza kwathu.

Tsiku loyamba ndinapeza azimayi atakhala pamphasa, miyendo atawongola, azibambo ali poteropo pa benchi. Ndikuti ndigwade kuti ndikhale, mayi wina wamfupi anathamangira m'nyumba n'kutulutsa mpando wa pulasitiki wobiriwira. Anaupukuta ndi chitenje chake.

“Amadamu akhale apa.”

“Ayi, pamphasa pomwepa pali bwino,” ndinatero.

“Iyayi, fumbi la kuno ndi loipa. Lingakudetsereni zovala.”

Ndinakhala, mawondo anga ali pafupi ndi mitu yawo. Ndinkayesa ndi ulemu wa tsiku limodzi. Kodi ndinadziwa ine? Mpando uja unayamba kuyenda nafe. Kulikonse kumene mlaga ukakumanire, mayi wamfupi uja ankausenza pamutu, dzuwa likuswa mtengo.

Pansipo ndiye panali moyo. Ankatsinana, kunong'onezana, kusekana wina akasokoneza nyimbo. Tikatha kuwerenga Mawu, ankagawana ntchito: awa akatungire madzi agogo odwala, awa akathandize kupalira kwa mayi wamasiye. Ine osapatsidwa kanthu. Nditapempha kuti tsiku lina tikakumane kwanga, mkulu wa mlaga anati, “Inu mumatanganidwa, tisakuvutitseni.” Popemphera sankandiiwala ayi: “Mukumbukirenso alendo athu.” Mvula inagwa n'kutha, inanso n'kubwera, ine ndikadali alendo athu. Zinkandipsetsa mtima. Mlendo wanji woti nsapato zake zathera m'fumbi lanu lomweli? Koma munthu ungakalipire bwanji anthu oti akukulemekeza? Ndinkabwerera kunyumba ndili ndekhandekha kuposa mmene ndinapitira.

Kenako mayi anga anamwalira. Ndinapita ku Ntchisi, tinaika, ndinabwerako. Chulu chija sindinkafuna n'kuchiyang'ana komwe.

Masana ena ndinamva nyimbo yapansipansi ikubwera kunjira. Anali a mlaga, kudzapepesa monga amachitira kwa aliyense wofedwa. Wina anasenza nkhuni, wina kaufa m'beseni, ena mphasa. Mpando panalibe. Ndinafuna kulowa m'nyumba kukatenga wanga, koma akazi a mkulu wa mlaga anandigwira mkono.

“Ukupita kuti? Wofedwa amakhala pansi. Khala apa, mwanawe.”

Kanali koyamba munthu wa kuno kundinena kuti iwe. Anandikhazika pakati pawo, phewa kugundana ndi phewa. Ankanunkhira utsi ndi thukuta, ngati mayi akachoka kumunda. Wina anavula duku lake n'kundimanga kumutu. Mayi wamfupi uja analowa kukhitchini kwanga osaodira, n'kutuluka ndi poto akupukusa mutu: “Mwana wamkazi poto kuda chonchi, eti?” Anakhala pakhonde n'kuyamba kumukwecha ndi mchenga.

Ndinalira kwambiri tsiku limenelo. Onse ankati ndikulira mayi, ndipo n'zoona ndinkawalira. Koma misozi ina inali yachimwemwe, ndipo ndinachita nayo manyazi. Ndinkalakalaka kukwera pachulu kuti ndiwauze kuti anthu aja ndawapeza.

Lachitatu lotsatira ndinavala chitenje, n'kulawirira kuti ndikafike ena asanabwere. Ndinathandiza kuyala mphasa, ndipo ndinakhala pakati penipeni, miyendo nditawongola. Azimayi ankafika n'kumakhala m'mbali mwanga. Wina anandifunsa ngati ndikudya bwino. Tinayamba nyimbo yoyamba.

Tili pakati pa nyimboyo, ndinaona chinthu chobiriwira chikubwera pamwamba pa tchire. Mayi wamfupi uja anafika ali thukuta kamukamu, poti tsikulo tinakumana kutali ndi kwawo. Anatula mpando, anaupukuta bwinobwino, n'kundiyang'ana ndi nkhope yachikondi.

“Pepani ndachedwa, amadamu. Mwakhalitsa pansi. Dzukani, maliro anatha.”

Onse ankamwetulira, kudikira. Ndinayang'ana thukuta likutsika m'khosi mwake. Ndinadzuka, ndinasasa chitenje, ndinakhala pampando. Mayi amene anali pambali panga anangosendera pang'ono, ndipo malo anga pamphasa anatsekeka.